Kalembedwe ka nkhani yoopsa ya oyimba m'nyumba ya mizukwa

Nkhani zoopsa za mtundu wa gothic zinayambira ku England m'zaka za m'ma 1760, ndipo msana wake sunasinthe: nyumba yakale, mlandu umene unakwiriridwa osaweruzidwa, ndi anthu amoyo olowa m'nyumbamo osadziwa kuti agona pa mlanduwo. Mukaikamo oyimba mwachita mwayi, chifukwa woyimba amamva zimene enafe sitimva. Amadziwa kuti nsambo yatsika, kuti wina walowa mochedwa, kuti mawu akumveka asanu pamene oyimba alipo anayi. Malangizowa ndi a nkhani yaifupi ya mawu pafupifupi 2,500, yochitikira ku Dedza kapena ku Ntcheu.

1. Yambani ndi mlandu, mzukwa ubwere pambuyo

Musanalembe chiganizo choyamba, tengani pepala lapadera mulembepo mizere itatu: analakwiridwa ndani, anamulakwira ndani, ndipo amoyo akudyapo chiyani lero pa cholakwacho. Mzere wachitatuwu ambiri amaudumpha, ndipo nkhani imafera pomwepo. Mzukwa wongozunza aliyense wodutsa suchedwa kutopetsa, poti owerenga akudziwa kuti oyimbawo atha kulongedza zida zawo n'kukaima pa M1 kudikira minibasi.

Kwa oyimba, mlandu wapafupi ndi wa nyimbo. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi zopeka zina, linakhazikitsidwa mu 1992. Kalelo nyimbo inkatha kuchoka pakamwa pa mkulu woyimba banjo pamowa n'kukatchukitsa wina, mwini wake osaonako ndi tambala yomwe. Tiyerekeze kuti mtsogoleri wa bandi yanu anamva nyimbo kwa malume ake ali mwana, anasintha ndime yomaliza, ndipo lero akuti anapeka yekha. Basi, mlandu wakwana.

Mbiri ya Dedza ndi Ntcheu ili ndi milandu ina yambiri. Amuna ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko, ena n'kubwera ndi gitala, akodiyoni kapena galamafoni, ena osabweranso, aja timati matchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo boma linaimitsa ulendo wa ku Wenela. Othawa nkhondo a ku Mozambique anakhala m'midzi ya m'malire ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira mtendere utasainidwa mu 1992. Sankhanipo chimodzi chokha. Mawu 2,500 sasenza milandu iwiri.

2. Mangani nyumba

Pamwambo wa Achewa, m'midzi yambiri nyumba ya malemu inkagwetsedwa maliro akatha, ndipo ngakhale yosiyidwa, ya dothi ndi udzu siipirira mvula zambiri. Nyumba yokhalitsa kuposa mwini wake kwathu kuno ndi ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo nyumba zotere zimabwera ndi mbiri yake. Pali za atsamunda, zapaboma ndi za m'nkhalango za paini, zokhala ndi khonde lozungulira, chumuni ndi posonkhera moto m'chipinda chochezera. Pali za mishoni. Nzama ku Ntcheu inayamba mu 1901, Mua ku Dedza mu 1902, ndipo kamangidwe ka nthawi imeneyo, zipupa zokhuthala ndi mazenera aatali, mutha kukakaona ndi maso. Palinso masitolo akale amene anasiyidwa m'ma 1970 boma litalamula amalonda achimwenye kuchoka m'madera akumidzi: sitolo kumaso, zipinda zogona kumbuyo, ndi kachipinda kosungiramo katundu kopanda zenera.

Kaoneni zenizenizo, koma m'nkhani mumange yanu, pamalo opanda dzina lodziwika. Mukaloza nyumba imene ilipodi, mwini wake adzasowa wochita lendi ndipo mlandu udzakhala wanu.

Jambulani nyumbayo papepala. Zipinda zisapose zisanu, chimodzi chikhale chokhoma. Lembani pamene pali zitseko, kumene mphepo imalowera, pamene aliyense agona. Zojambulazi owerenga sadzaziona, koma adzazindikira msanga ngati woyimba besi wamva kugogoda kuchipinda chimene pa tsamba lapitalo chinali mbali ina ya nyumba.

Nyengo ikhale June kapena July. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, chifunga chimatsetsereka kuchokera kuphiri, ndipo 6 koloko isanakwane kwada kale. Chisanuchi chili ndi ntchito m'nkhani: chimaumitsa zala, chimasokoneza zida, chimakakamiza anthu kutseka mazenera ndi kuunjikana m'chipinda chimodzi.

3. Oyimba anayi ndi mlonda

Anayi akwana: mtsogoleri wa gitala amene akusunga chinsinsi, woyimba besi, woyimba ng'oma, ndi mtsikana wotsogolera mawu. Akachuluka owerenga amataya chiwerengero, pamene nkhani yonse yatsamira pa kuwerenga kuti m'chipinda muli anthu angati. Mfotokozankhani asakhale mtsogoleriyo, poti iye akudziwa kale zonse. Woyimba ng'oma ndiye woyenera, chifukwa ntchito yake ndi kuwerenga.

Apatseni chowamanga. Alipira kale lendi ya sabata ndi ndalama yobwereka, Loweruka ali ndi phwando loti akayimbe, ndipo kwawo aneba anawathamangitsa chifukwa cha phokoso. Onjezani mlonda wachikulire amene amagona panja ngakhale kuzizire chotani.

4. Konzani maphokoso

Apa ndi pamene nkhaniyi imapambanira kapena kugwera. Lembani maphokoso 6 okhala ndi chifukwa chomveka, ndi chinthu chimodzi chokha chopanda chifukwa. Akulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma m'nkhani iyi chimayimba, ndipo inu muyenera kudziwa tsamba limene ng'omayo iyambire kulira. Chifukwa chilichonse chimene mupereke chikhale choona, poti pakati pa owerenga pali oyimba ndi amisiri.

Malata amafutukuka ndi dzuwa n'kubwerera kukazizira, ndiye amalira kuti thi, thi, dzuwa litangolowa komanso m'mawa likawomba. Pakati pa usiku amakhala atakhazikika. Woyimba wanu akamva thi, thi cha m'ma 3 koloko, ndipo kulirako kukutsata kagundidwe ka nyimbo yawo, iye yekha adziwa kuti si malata.

Mu siling'i mumakhala makoswe ndi mileme. Kadzidzi wa m'madenga amaikira m'chumuni chosagwiritsidwa ntchito, ndipo ana ake akamapempha chakudya amamveka ngati munthu woliza mkonono. Mphepo ikadutsa pamwamba pa chumuni imatulutsa liwu limodzi lotsika, monga muja mwana amauzira pakamwa pa botolo.

Zida nazo zimachita zawo. Nsambo zachitsulo zimakungika kukazizira, choncho gitala imakwera mawu. Chikopa cha ng'oma chimalefuka ndi chinyezi, choncho ng'oma imatsika, n'chifukwa chake amaiwamba pamoto asanayimbe. Bandi imene inagwirizana madzulo imadzuka itasiyana, popanda wokhudza kanthu. Gitala yotsamira pakhoma imalira yokha pang'ono munthu akayimba liwu lofanana ndi nsambo yake ina. Ampulifaya yolumikizidwa ndi chingwe chothaitha imatha kutola wailesi, mawu a munthu n'kumamveka chapansipansi m'sipika.

Nachi china chimene oyimba besi amachidziwa. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 50 pa sekondi, ndipo waya akakhala wosalongosoka sipika imang'ung'uza pa mlingo umenewo. Liwu la G lotsika pa besi, pa fureti yachitatu ya nsambo yaikulu, lili pa 49 Hz. Awiriwa akakumana, phokoso limakwera ndi kutsika kamodzi pa sekondi iliyonse. Munthu wamantha amva kupuma. Lolani woyimba besi afotokoze zimenezi akuseka usiku woyamba, kenako usiku wachiwiri kupumako kumveke magetsi atazima.

Ngati muli ndi zipangizo zakale, dziwani malire ake. Mbale ya galamafoni yozungulira ka 78 pa mphindi imatha m'mphindi zitatu mbali imodzi, ndipo sipuling'i ikamatha mphamvu nyimbo imachedwa, mawu n'kumatsika. Galamafoni yolira usiku wonse ndiye kuti alipo akupukusa. Kaseti ya C60 ili ndi mphindi 30 mbali iliyonse, ndipo makina ofufutira akafooka, zojambulidwa kale zimatsalira pansi pa zatsopano. Limba la m'tchalitchi lopopa ndi mapazi sililira popanda wopopa, ndipo makoswe akadya mvukuto wake limangotulutsa mpweya ndi fumbi.

Cholakwika chofala ndi cha mawu obwerera. M'chipinda chopanda katundu mawu amachita phokoso lotalikirapo, koma kuti liwu libwerere padera pamafunika khoma lotalikira mamita 17 kapena kuposa, chifukwa mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chipinda chogona sichingabweze mawu. Thanthwe la phiri lotalikira mamita 170 limabweza pakatha sekondi imodzi. Komanso usiku wozizira wopanda mphepo mawu amafika kutali, ng'oma za mudzi wa kutsidya n'kumamveka ngati zili kuseri kwa khitchini.

Tsono chinthu chopanda chifukwa chija. Chisakhale chaphokoso lalikulu. Chabwino ndi chimene woyimba yekha angachizindikire, ndipo chikhale chothandiza bandiyo m'malo moiwononga, poti thandizo lochokera kosadziwika limaopsa kuposa chiwembu. Yerekezani ziganizo ziwirizi. Choyamba ndi chimene ambiri amalemba:

"Mwadzidzidzi kunamveka phokoso loopsa kwambiri ndipo onse anagwidwa ndi mantha aakulu."

Apa mlembi waopa yekha, owerenga sanaone kanthu. Chachiwiri:

"Ndinadzuka mbandakucha kuti ndisonkhe moto wowambira. Phulusa linali lozizira. Ndinaika chikhatho pa ng'oma yaikulu kuti ndimve yalefuka bwanji, ndipo ndinachichotsa msanga. Chikopa chinali chofunda, chokungika bwinobwino. Phula la pakati linali lofewa, ndipo panali podinda chala chachikulu kuposa changa."

Mawu oti mantha mulibemo. Muli moto wozima, chikopa chofunda ndi chala. Mukamaliza kulemba nkhani yanu, sakani mawu oti "mwadzidzidzi", "zoopsa" ndi "mantha", muwachotse onse kupatula amodzi kapena awiri.

5. Pekani nyimbo yanuyanu

Musabwereke mawu a nyimbo imene ilipo, ngakhale ya m'buku la kutchalitchi. Pekani mizere iwiri yosavuta, muibwereze katatu m'nkhani, ulendo uliwonse isinthe pang'ono. Usiku woyamba bandi iyimba monga mtsogoleri anaiphunzitsira: "Sungani khasu langa, amayi, ndibwera mvula ikagwa." Usiku wachiwiri akumvetsera zimene ajambula pa foni, ndipo pansi pa mawu a mtsikana pali liwu lachisanu lonena kuti "mvula yagwa kale". Usiku wachitatu mtsikanayo atsegula pakamwa n'kuyimba ndime imene sanaphunzitsidwe, ija mtsogoleri anaichotsa: "Mwagulitsa khasu langa." Owerenga amva mlandu wonse m'mawu atatuwo popanda inu kuufotokoza.

Pofotokoza kuyimba, musatchule zilembo za manotsi kupyola pamene zafunikira. Nenani zimene thupi likuchita: chala chouma chikuterereka pa nsambo, woyimba ng'oma akuwerenga chamumtima, wina wasiya kuyimba koma gawo lake likumvekabe.

6. Gawani usiku utatu

Kufika ndi kuona nyumba, mawu 400. Apa ikani chipinda chokhoma, limba lakufa ndi mlonda. Usiku woyamba, mawu 500: maphokoso atatu, onse afotokozedwe, anthu aseke. Masana otsatira, mawu 300: wina apite kukagula mbatata ndi makala, amve kachidutswa ka mbiri ya nyumbayo kwa wogulitsa amene asintha nkhope atamva kumene akugona. Usiku wachiwiri, mawu 500: maphokoso omwe aja abwerere koma zifukwa zake zitachotsedwa, ndipo kukacha ng'oma ipezeke yofunda. Usiku wachitatu, mawu 600, ndiwo pampondachimera. Mathero, mawu 200.

Mukaona kuti kufika kokha kwadya mawu 800, mwayambira kutali. Dulani ulendo wa pa minibasi, nkhani iyambe kiyi ali kale m'manja.

Pa usiku wachiwiri yankhani funso limene Mmalawi aliyense afunse: bwanji sanapemphere, bwanji sanapite kwa amfumu? Apemphere ndithu, ayimbe ndi nyimbo yauzimu imene simuitchula mawu ake. Apite kwa amfumu, amfumuwo awafunse funso limodzi lokha, loti nyimboyo anaitenga kuti, mtsogoleri n'kunama.

7. Anthu ayankhule monga amayankhulira

Oyimba okhaokha aitanana "aise" kapena "achimwene", mtsikana "achemwali". Kwa mlonda ndi "agogo", ndipo iye sangafotokoze mbiri yonse ngati mphunzitsi. Munthu wamkulu wodziwa zovuta amazemba funso.

"Agogo, kodi usiku munalowa m'nyumba?"

"Ine? Iyayi, ana anga. Malire anga ndi pakhonde pano."

"Nanga ng'oma ija anawamba ndani?"

"Mwadya kale? Mbatata zapsa izi, tengani."

"Agogo, ndafunsa za ng'oma."

"Ndamva. Koma dzulo mumaithamangitsa nyimbo ija. Eni ake sankaiyimba choncho."

Mlondayo sanatchule mzukwa, koma waulula kuti nyimboyo amaidziwa ndiponso kuti ili ndi eni ake. Mawu ngati zii, phee, gogogo ndi chuma cha Chichewa, koma pa tsamba limodzi asapose awiri, apo ayi nkhani imasanduka nthano ya ana.

8. Zimene zimawononga nkhani

Mbaula. Oyimba ozizidwa alowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umayambitsa mutu, chizungulire, kusokonezeka maganizo, ndipo umapha anthu ali m'tulo. M'nkhani ndi chida chabwino chobweretsa chikayiko, chifukwa wina atha kunena kuti zonse anazimva chifukwa cha makala. Koma musamasulire nkhani yonse ndi mbaula pa tsamba lomaliza, owerenga adzaona kuti mwawapusitsa. Ng'oma yofunda ija ipezeke m'chipinda chimene munalibe mbaula.

Nkhalamba ya mfiti. Ndi njira yaulesi, ndiponso yoopsa kunja kwa nkhani, poti okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno powaganizira ufiti, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mlandu wanu uli kale ndi wolakwa, ndipo ndi mnyamata wa gitala.

Gule wamkulu. Ku Dedza n'kwawo kwa gule, ndipo mlembi amakopeka kuti aponyemo chilombo pazenera. Gule ndi mwambo wamoyo wokhala ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, linauzindikira mu 2005. Ng'oma zake zimveke kutali usiku ngati mbali ya moyo wa mudzi, zikwana. Za kudambwe zisiyeni.

Kuonetsa mzukwa. Mukangoufotokoza nkhope, nsalu yoyera ndi maso ofiira, mantha atha. Pampondachimera onetsani zotsatira zokha: mpando wa limba wasunthira kumbuyo, zopondera zikutsika ndi kukwera, mtsikana akuyang'ana pamalo amodzi pamene oyimba amayang'ana akamadikira chizindikiro cholowera.

9. Tsekani mlandu

Mathero ndi yankho la mtsogoleri pa mlandu uja, ndipo yankho lililonse likhale ndi mtengo wake. Akavomera, atchule dzina la malume ake pamaso pa anzake, ataye ulemu ndi bandi yomwe. Akakana, ataye chinthu cha woyimba: Loweruka pa phwando aimirire pamaso pa anthu, zala zikane nyimbo ina iliyonse kupatula imeneyo. Musathere pa kudzidzimuka kutulo kuti anali maloto. Musabweretse sing'anga kapena abusa amene sanaonekepo m'nkhani kuti adzakonze zonse m'ndime yomaliza. Chipinda chokhoma chija chitsegulidwe, koma mukhale zinthu wamba: sutikesi yachitsulo, chiphaso cha ku mgodi, banjo yopanda nsambo.

10. Yesani ndi makutu

Siyani nkhaniyo masiku angapo, kenako muiwerenge mokweza. Mawu 2,500 a Chichewa amatenga mphindi zoposa 20. Pamene lilime lapunthwa, dulani chiganizocho pawiri. Pa usiku wachitatu ziganizo zifupike kuposa za poyamba.

Kenako muwerengereni woyimba weniweni, wa bandi kapena wa kwaya, ndipo musamufunse ngati yamusangalatsa. Mufunseni zinthu zitatu: ndi pati pamene woyimba sangachite zimene mwalemba, ndi pati pamene anayamba kukayikira mtsogoleri, ndipo anawerenga anthu angati m'chipinda pa usiku womaliza. Akakayikira mtsogoleri usiku woyamba usanathe, mwaulula msanga, chotsani chizindikiro chimodzi pa kufika paja. Akafika kumapeto osamukayikira konse, bwererani pa zokambirana ndi amfumu mulimbitse bodza lija, mtsogoleri ayankhe mofulumira kwambiri, funso lisanathe n'komwe.